Kudzutsa Hilux yakale ya dizilo: yambirani pansi, kupenta kubwere pomaliza

Malume anga atamwalira, pikapu yawo inakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zingapo. Matayala anaphwa, nkhuku zinkaikira mazira kumbuyo kwake, makoswe n'kumanga chisa m'kati mwa mpando. Inali Toyota Hilux ija amati LN106, yokoka ndi matayala onse anayi, ya injini ya 3L. Ogula ziphapha ankabwera kawirikawiri kudzaifunsa kuti akaiphwasule agulitse masipeya, koma mtima wanga sunalole, chifukwa galimoto imeneyi ndi imene inkanyamula fodya amene anatiphunzitsa sukulu tonse pabanja pathu. Lero ikuyenda. Imatuta feteleza ndi chimanga, imaperekeza maliro, imapita ku maukwati. Ndikufotokozerani njira imene ndinatsata, pamodzi ndi zimene ndinatola kwa amakaniko achikulire amene anandigwira dzanja.

Ma Hilux a mtundu uwu anapangidwa kuyambira 1988 mpaka 1997. Injini zake za dizilo ndi za banja limodzi: 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8, ndi 5L ya malita 3.0 imene inabwera m'mapikapu otsatira. Pampu yake ya dizilo ndi ya zitsulo zokhazokha, yopanda kompyuta, kotero munthu amene ali ndi masipanala, buku la injiniyo ndi mtima wofatsa akhoza kugwira ntchito yambiri pakhomo pake. Zambiri zimene ndinene zithandizanso a Isuzu KB, Nissan Hardbody kapena Mitsubishi L200 yakale, koma manambala amene nditchule ndi a Toyota basi.

Musanagule ngakhale bawuti imodzi, dziwani kuti ndalama zokonzera galimoto yakale zimatha ntchito isanathe. Ndiye chofunika ndi kudziwa choyambira. Ndaonapo mapikapu onyezimira, a marimu atsopano ndi wailesi yogunda, atakhala pamiyala chifukwa hedi, chitsulo cha pamwamba pa injini, inang'aluka ndipo mwini wake m'thumba mulibe kanthu. Zimandipweteka ndikaona zotere, chifukwa ndalama za penti zija zikanagula rediyeta.

Mapepala kaye

Tengani bulu buku muyerekeze ndi galimotoyo. Nambala ya chasisi inadindidwa pa chitsulo cha chasisi chenicheni, chakutsogolo kufupi ndi tayala, ndipo ya injini ili pa buloko. Palani matope ndi bulashi ya waya, osati galainda, muwerenge chilembo chimodzichimodzi. Ngati sizikugwirizana, kapena bukulo likadali m'dzina la malemu kapena la amene munagulako, pitani kaye ku ofesi ya Road Traffic mukamve zofunika kuti umwini usinthidwe. Chikakhala chuma cha masiye, khalani pansi ndi abale mugwirizane mochita kulemba. Galimoto ikakhala chiphapha palibe amaiyang'ana, koma tsiku limene yalira eni ake amachuluka.

Lowani kunsi ndi hamala

Tsukani kunsi konse ndi madzi amphamvu, kuume, kenako mulowe ndi tochi ndi hamala yaing'ono. Galimoto ikhale pa zitsulo zochirikizira kapena pa zipika zolimba za mtengo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika osachenjeza. Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee, chodyeka ndi dzimbiri chimangoti phu ngati chikuni chofumbwa. Chedwani pamene pamangiriridwa masipuling'i, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, pambali pa thanki pamene matope amaunjikana, ndiponso pakati pa kabu ndi bodi, pamene chasisi chimang'alukira galimoto ikazolowera kusenzetsedwa mopyola muyeso. Kwathu kuno mdani wamkulu ndi feteleza. Thumba likang'ambika timibulu timalowa m'mipata, mvula n'kubwera, chitsulo n'kumadyeka mwakachetechete chaka ndi chaka.

Mng'alu umodzi kapena bowo limodzi amakonza. Wowotcherera wodziwa ntchito amaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, amawotcherera, kenako n'kuphatikapo chigamba cha chitsulo chosongoka uku ndi uku kuti mphamvu isaunjikane pamzere umodzi. Tsitsani thanki ndipo chotsani batire ntchitoyi isanayambe, komanso moto ndi galainda zisayandikire pamene pali nambala ya chasisi. Koma ngati chasisi chapindika, kapena hamala ikuboola malo ambiri, imani pomwepo. Galimoto yoteroyo ntchito yake yatsala yopereka masipeya kwa inzake, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi musanatayepo ndalama.

Injini musailize msanga

Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Amabwereka batire, n'kupotoza kiyi kuti angomva ngati ilire. Injini imene yakhala zaka chiimire imakhala youma m'kati, maring'i atakakamira, malamba atauma. Masekondi ochepa akhoza kukudyerani ndalama za chaka chathunthu.

Yambani ndi kuchotsa fyuluta ya mpweya ndi mapaipi ake, muone zimene makoswe ndi mavu anasungamo. Ine ndinatulutsamo zitsononkho ndi makoko a mtedza zodzaza manja awiri. Sololani ndodo yoyezera oyilo. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi analowa m'injini, ndipo hedi iyenera kuonedwa musanapite patali. Masulani mahita pulagi onse anayi (aja otenthetsa m'masilinda injini isanalire), mofatsa chifukwa amathyokera m'kati. Akamakana, athireni mafuta ofewetsa dzimbiri agone usiku wonse. M'mabowo mwake thirani oyilo pang'ono, supuni imodzi kapena ziwiri pa silinda iliyonse, musiye masiku awiri kapena atatu. Kenako chotsani giya, ikani soketi pa bawuti ya pule yaikulu yapansi kutsogolo kwa injini, mupotoze ndi manja molowera kumene mivi ya wotchi imayendera. Izungulire kawiri kathunthu. Poti mahita mwachotsa, iyenera kuyenda mosavuta. Ikakana, musaikakamize ndi chitsulo chachitali, ndiponso musaikoke ndi thirakitala ili m'giya. Onjezerani oyilo, dikirani sabata, ikakanabe hedi itsike muone m'kati.

Khuthulani oyilo wakale, ikani fyuluta yatsopano ndi oyilo wa injini za dizilo wa 15W-40. Tsitsani thanki, ngati simunaitsitse kale, muitsuke bwino, chifukwa dizilo wokhalitsa amasiya madzi pansi ndi zinthu zakuda zonanda zimene zimatseka mapaipi. Pemererani mapaipi achitsulo ndi mpweya, sinthani onse a labala, ikani fyuluta ya dizilo yatsopano.

Tsopano timing belt, lamba wamano amene amayendetsa mavavu ndi pampu ya dizilo mogwirizana ndi mapisitoni. Pa nkhani iyi sindinyengerera munthu: isinthidwe injini isanalire. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo ambiri mwa magalimotowa ali ndi kanyale kolembedwa T-BELT kokumbutsa, koma labala amakalamba ngakhale galimoto ili chikhalire. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya mwezi. Gulani lamba wabwino pamodzi ndi timapule take tiwiri tomukunga ndi kumuwongolera, ma oil seal akutsogolo, ndipo poti mwatsegula kale malowo, pampu ya madzi isinthidwenso. Pali zizindikiro zitatu zoyenera kulunjika nthawi imodzi: cha crankshaft, cha camshaft ndi cha pule ya pampu ya dizilo. Jambulani ndi foni musanachotse lamba wakale. Mukaika watsopano, zungulitsani injini ndi manja kawiri muonenso zizindikirozo. Likaphonya dzino limodzi injini imavuta kulira ndipo imafuka. Akaphonya angapo mavavu amapindika. Ngati simunagwirepo ntchitoyi, itanani makaniko woidziwa, inu muime pambali pake mukuonerera.

Pa za masipeya, ku Ndirande mu Blantyre ndi ku Biwi mu Lilongwe mupeza pafupifupi chilichonse cha Hilux, chatsopano ndi chochotsedwa pa ina. Chitseko, nyale, giyabokosi, difu, gulani zakale, nthawi zambiri zimalimba kuposa zatsopano zotchipa. Koma lamba, gasiketi ya hedi, thermostat (kavavu kotsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha), maberingi ndi zonse za mabuleki zikhale zatsopano, za kampani yodziwika. Popita kukagula nyamulani chakalecho mukayerekeze pamaso pa wogulitsa.

Tsiku loiliza

Thirani madzi mu rediyeta. Mahita akadali kunja, sololani kawaya ka solenoid pa pampu ya dizilo kuti mafuta asapite, phimbani mabowo ndi chinsanza, mulize sitata masekondi khumi, mupume, khumi enanso, mpaka nyale ya oyilo izime. Potero mukutulutsa oyilo munathira m'masilinda uja, amene akatsalira akhoza kupinda ndodo ya pisitoni, komanso mukufikitsa oyilo watsopano ku maberingi moto usanayake. Yezani hita iliyonse ndi mita ya magetsi. Ikapezeka yakufa ndi bwino kusintha zonse zinayi. Bwezerani mahita ndi kawaya kaja.

Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu ka m'manja. Pompani mpaka kalimbe. Masulani pang'ono manati a mapaipi achitsulo pa mainjekita ndi sipanala ya 17, lizani sitata mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, kenako mangani. Manja akhale patali, chifukwa dizilo wa pamenepa amatuluka ndi mphamvu yoti n'kulowa pakhungu. Konzeranitu kathabwa kosalala pafupi ndi polowera mpweya. Pampu yokhalitsa nthawi zina imakakamira, injini n'kuthamanga yokha osamvera kiyi, ndipo njira yoizimitsira ndi kutseka mpweya ndi thabwalo, osati ndi chikhatho.

Ikalira, isiyeni iyende yokha pang'onopang'ono osaponda mafuta. Utsi wa mphindi zoyamba musade nawo nkhawa. Ikatentha m'pamene utsi umayamba kunena zoona. Wakuda ukutanthauza kuti mpweya ukuchepa kapena dizilo akuchuluka: fyuluta yotsekeka, mainjekita otha, kapena pampu imene wina anaipotoza pofuna mphamvu. Wa buluu ndi oyilo akupsa. Woyera woyabwa m'maso, wonunkha dizilo, ndi mafuta osapsa bwino, ndipo gwero lake limakhala mahita, taimingi kapena mphamvu yochepa m'masilinda. Woyera ngati nthunzi, madzi akuchepa mu rediyeta, ndi gasiketi kapena hedi. Tsegulaninso chivundikiro cha pothirira oyilo: kampweya pang'ono n'kabwinobwino, koma ikamapuma utsi motsatizana ngati mvukuto, maring'i atha.

Musatsegule injini mongoganizira. Iyezetseni compression, mphamvu imene mapisitoni amafinyira mpweya m'masilinda. Buku la Toyota limati 3L yabwino ipereke 32 kg/cm² kapena kupitirira, isatsike pansi pa 20, ndipo masilinda asasiyane koposa 5. Manambala akakhala bwino, isiyeni yotseka. Mainjekita pitani nawo kwa okonza mapampu a dizilo amene ali ndi makina oyezera. Pampu yeniyeniyo musaitsegule pabwalo, m'kati mwake fumbi lochepa lokha limaononga.

Kutentha ndiko kumapha injini izi

Ndikhalitsa pano, chifukwa 2L, 3L ndi 5L zimapirira zambiri koma sizipirira kuwira. Hedi yake ikatentha kwambiri imang'aluka pakati pa mavavu, ndipo ikang'aluka zizindikiro zake ndi thovu losatha mu rediyeta, mapaipi olimba gwa injini itangolira kumene, ndi madzi otayikira m'kabotolo ka pambali.

Ine zinandigwera pa msewu wa Khwekhwerere, pokwera kuchokera ku Golomoti nditanyamula matumba a chimanga. Muvi wa geji unali pakati bwinobwino, kenako mwadzidzidzi unathamangira kofiira, ndipo pamene ndimaima n'kuti madzi akuwira kale. Titatsegula tinapeza kuti makaniko wina, zaka zam'mbuyomo, anachotsa thermostat n'kuitaya, ndipo fani inkangozungulira yopanda mphamvu. Mwambo wochotsa thermostat ndi wofala, amati dziko lathu n'lotentha ndiye siifunika. N'kulakwa. Popanda iyo injini imachedwa kutentha m'mawa ndipo imadyeka msanga, komanso madzi ena amangozungulira m'injini momwemo osadutsa mu rediyeta.

Ndiye chitani izi, zonse, osasankha. Rediyeta itsike ipite kwa okonza marediyeta akaitsegule, atokose timapaipi take, aiyeze ngati ikudontha. Ngati timasamba take tikuyoyoka mukakhudza, gulani ina. Tsukani m'buloko mpaka madzi atuluke oyera. Ikani thermostat yatsopano, mapaipi atsopano ndi zomangira zake, ndi chivundikiro cha rediyeta chatsopano cholembedwa 0.9. Chivundikirochi n'chotchipa koma chikafooka madzi amawira msanga. Yang'anani fani: pakati pake pali chitsulo chokhala ndi mafuta a silikoni amene amaigwira injini ikatentha. Mukazimitsa injini yotentha n'kukankha fani ndi dzanja, iyenera kukana pang'ono. Ikamazungulira ngati mpepe, mafutawo anatha, ndipo amaonjezera kapena kusintha chitsulo chonsecho. Chipulasitiki chozungulira fani chija ngati chinasowa, chifunefuneni, chifukwa ndicho chimakakamiza mphepo kudutsa mu rediyeta. Pomaliza thirani mankhwala a mu rediyeta osakaniza ndi madzi oyera. Madzi a pa mjigo, makamaka amchere, amasiya miyala m'timapaipi ndipo amadya hedi ndi pampu.

Ngati hedi yatsika, isabwerere isanayezedwe ming'alu ndi kupindika kwa amakina. Magasiketi a injini izi amasiyana kukhuthala, ndipo amasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Mabawuti a hedi amamangidwa motsatira ndondomeko ya m'buku, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati mongomva m'manja. Poti hedi ili pansi, mipata ya mavavu iyezedwenso.

Mabuleki ndi kutsogolo

Injini ikalira mtima umathamangira ku msewu. Dikirani. Galimoto imene yakhala zaka imakhala ndi mafuta a mabuleki amene anamwa madzi, timapisitoni tochita dzimbiri ndi mipira youma. Tsegulani mawilo onse anayi. Kutsogolo onani madisiki ndi mapadi, ndipo timapisitoni tibwerere mosavuta. Kumbuyo chotsani madiramu, mutukule timipira ta m'mbali mwa masilinda. Mukaona chinyezi, sinthani mbali zonse ziwiri. Ngati mashu anyowa ndi oyilo wa difu, oil seal ya ekiselo yatha, ndipo mashu oterowo sachapa, amataya. Sinthani mapaipi onse a labala, fufuzani dzimbiri pa achitsulo, thirani mafuta atsopano a DOT 3, muchotse mpweya kuyambira wilo lakutali ndi master cylinder. Kumbuyo pa chasisi pali vavu yolumikizidwa ndi kandodo ku ekiselo, imene imachepetsa mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu. Ambiri amaiiwala kapena kuidula. Ikonzeni, ichotseninso mpweya, apo ayi mvula ikagwa kumbuyo kudzakutsogolerani.

Chinthu china chimene woyendetsa aliyense wa magalimotowa ayenera kudziwa: mphamvu yofewetsa buleki imachokera ku kapampu kamene kali kumbuyo kwa alternator. Lamba wa alternator akaduka, pakangopita kuponda kochepa buleki imalimba ngati mwala. Malamba amenewa akhale atsopano, ndipo ena osungira azikhala kuseri kwa mpando.

LN106 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, yokhala pa masipuling'i amasamba. Kumapeto kwake kuli zibulunga zachitsulo pamene mawilo amakhotera. Mukaona phala lakuda likuyenderera pamenepo, oyilo wa difu wasakanikirana ndi girisi, ndipo pafunika kuphwasula, kutsuka, kusintha ma seal ndi maberingi, n'kudzaza girisi watsopano. Ndi ntchito yauve ya tsiku lathunthu koma yosavuta. Mangani bwino manati amene agwira mkono wa chiwongolero pamwamba pa chibulungacho, chifukwa akakhwepa amathyoka. Nyamulani wilo lililonse mugwedeze m'mwamba ndi pansi, kenako uku ndi uku, wina akuyang'ana pamene pakusewera. Mabushi a masipuling'i, ma U-bolt, mashoko ndi majoini a propshaft zionedwe, ndipo ponse pali kamlomo ka girisi papopedwe. Oyilo wa giyabokosi, wa transfer ndi wa madifu onse awiri asinthidwe. Akatuluka wotuwa ndiye kuti madzi analowa powoloka mitsinje. Kilatchi yokhalitsa nthawi zina imamatirira, koma ngati ikugwira bwino isiyeni mpaka tsiku limene giyabokosi idzatsike.

Matayala musawaweruze ndi mapanga okha. Pambali pake pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lokalamba, long'aluka m'mbali, limaphulika pa phula wotentha wa ku Chikwawa ngakhale likuoneka ngati latsopano.

Magetsi

Mavuto ambiri a magetsi pa magalimotowa ndi dzimbiri pa mawaya a earth. Masulani waya wochoka ku batire kupita ku bodi ndi wopita ku injini, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani. Tsatani mawaya amene makoswe anatafuna, muwalumikize ndi mtovu, osati kungopota n'kukulunga tepi. Paliponse pamene wina anaika waya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi, ikanipo fyuzi yoyenera. Magalimoto ambiri amapsa chifukwa cha kawaya kameneka.

Zoonjezera zimene zili ndi phindu

Choyamba pa zonse ndi geji ina ya kutentha, yosonyeza manambala. Geji ya fakitale imakhala pakati nthawi yaitali kutentha kukukwera, ndipo ikamasuntha zinthu zimakhala zitaipa kale, monga zinandichitikira ine. Ngati mungapezenso kabelu kolira madzi akachepa mu rediyeta, ikani, chifukwa paipi ikaphulika madzi n'kutha, geji iliyonse imachedwa kuzindikira.

Chachiwiri ndi fyuluta ina ya dizilo yolekanitsa madzi, ya kabotolo koonekera pansi, yoikidwa dizilo asanafike pa fyuluta ya fakitale. Tonse tikudziwa kuti mafuta akasowa timagula a m'zigubu, ndipo m'zigubu mumakhala madzi, fumbi, nthawi zina palafini. Pampu ya injini izi imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo, kotero madzi ndi palafini zimaidya msanga. Kabotoloko muziyang'ana sabata iliyonse n'kukhetsa madzi.

Nyale zikamawala mofooka, musathamangire mababu amphamvu. Ikani ma relay ndi mawaya okhuthala ochokera ku batire, odutsa pa fyuzi, muone kusintha kwake. Muuzeni wamagetsi kuti nyale za Toyota za nthawi imeneyo zimayatsidwa kumbali ya earth, asalumikize mwachizolowezi. Amene mumawoloka mitsinje nthawi ya dzinja, lumikizani timapaipi pa timabowo topumira madifu, tikwere mpaka m'boneti. Amene mumayenda m'fumbi la m'chilimwe, paipi yokokera mpweya pamwamba imathandiza fyuluta kukhalitsa. Malamba a pampando akhale ogwira ntchito.

Pali zina zimene sindikulangizani. Kuika turbo pa 3L kumakopa, chifukwa injiniyi ndi yaulesi pachitunda, koma sinapangidwire zimenezo, ndipo kutentha koonjezereka kumathera pa hedi yomwe ija. Mukafunadi mphamvu yoonjezera pang'ono, 5L ya pampu wamba imalowa popanda kusintha zambiri. Samalani kuti musagule 5L-E, imene pampu yake imafuna kompyuta ndi mawaya ake, ndipo nambala ya injini yatsopanoyo ikalembetsedwe ku Road Traffic. Matayala aakulu kwambiri amaoneka bwino koma amaifoola galimoto pokwera, amalemetsa mabuleki, ndipo amanamiza mita ya liwiro. Kuonjezera masamba ambiri pa masipuling'i kuti muzinyamula matumba ochuluka sikulimbitsa chasisi, maberingi kapena mabuleki. Katunduyo amangosamukira pa chitsulo china, ndipo mng'alu wa kuseri kwa kabu uja umayambira pamenepa. Kumbukiraninso kuti 4x4 ya magalimotowa si ya pa phula wouma. Mukatuluka m'matope, ichotseni ndipo mumasule mahabu a mawilo akutsogolo.

Bodi, penti ndi msewu

Tsopano, ngati ndalama zatsala, bodi. Yendetsani maginito pa zitseko ndi m'mbali. Pamene sakugwira pali phala lobisa dzimbiri kapena ngozi yakale. Tukulani kapeti muone pansi popondera, m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Malo odyeka adulidwe, awotchereredwe lata latsopano, osati kumata phala pa bowo. Palani mpaka chitsulo, pakani penti woyamba woteteza dzimbiri tsiku lomwelo, ndipo chasisi ndi pansi pa bodi zipakidwenso. Pentani nthawi yopanda mvula, m'malo otchingidwa, pansi mutawaza madzi kuti fumbi lisauluke. Mukasintha mtundu, nawonso ukalembetsedwe. Pansi pa bodi yakumbuyo yalani labala wokhuthala amene mungamachotse, ndipo mukatuta feteleza muzitsuka tsiku lomwelo.

Lipirani inshuwalansi, pitani nayo ikayezedwe mupeze COF, ndipo zikwangwani zofiira za makona atatu, jeke, sipanala ya mawilo ndi tayala losungira zikhale m'galimoto. Maulendo oyamba akhale afupi, opanda katundu, pafupi ndi kunyumba. Mukabwerera ikani katoni pansi pake usiku wonse, m'mawa muone chimene chadontha ndi pamene chadonthera. Pakatha makilomita 100 mangitsaninso manati a mawilo ndi a ma U-bolt, chifukwa zitsulo zatsopano zimakhazikika n'kukhwepa. Pa makilomita 1,000 sinthani oyilo ndi fyuluta, poti oyilo woyambayu amakhala atatsuka litsiro la zaka zonse zija, ndipo kuyambira pamenepo muzisintha pa makilomita 5,000 alionse. Kenako ipatseni mayeso enieni: katundu wapakatikati, chitunda chachitali masana dzuwa likuswa mtengo, maso ali pa geji yatsopano ija. Manambala akayamba kukwera, tsitsani giya injini izungulire momasuka m'malo moikakamiza ndi giya yaikulu, ndipo akapitirira imani pambali, injini izilirabe pang'onopang'ono kuti fani iziziritse. Chivundikiro cha rediyeta musachitsegule mpaka paipi yapamwamba itazizira moti n'kuigwira ndi dzanja.

Gulani kope laling'ono lizikhala m'galimoto. Patsamba loyamba lembani tsiku ndi makilomita amene munasinthira timing belt, ndipo nambala yomweyo muilembenso ndi penti pa chivundikiro cha lambayo, kuti aliyense amene adzatsegule boneti aione.